Mano a Alamu Anga M'ndowa

Kuno kumene tikukhala kulibe golosale, kulibe mtsinje, kulibe ngakhale kamphepo koti kakuulutsire chipewa. Ndi thanthwe lokhalokha ndi fumbi lotuwa. Dziko lapansi limene tinabadwira timalitcha kumudzi, ndipo timaliona pazenera la m'chipinda chodyera, lili lende mumdima ngati kampira kamene mwana waiwala padenga. Madzi timachita kukumba m'Chidzenje, kumene dzuwa silifika, ali oundana kuposa moni wa apongozi amene sakukufuna. Mpweya wopuma timaufinya m'fumbi. Njerwa, mbale, supuni, galasi, mabauti, zonsezi zimatuluka m'ng'anjo imodzi, yotenthedwa ndi dzuwa limene timalikola pa magalasi akuluakulu. Chombo cha mumlengalenga chochokera kumudzi chimabwera mwa apo ndi apo ngati malume okonda mowa, ndipo chimangobweretsa mankhwala, mbewu ndi anthu atsopano. Zina zonse n'zodzipangira.

Ine ntchito yanga ndi ya pachipata. Wopita kumudzi amadutsa m'manja mwanga. Ndimamumeta mpala, tsitsi lipite kudimba likakhale manyowa, ndimamukweza pa sikelo, kenako ndimamuyendetsa kandodo kamene kamalira kakamva chitsulo. N'chifukwa chake amanditcha Sikelo. Pambali panga pamakhala ndowa. Chilichonse chopangidwa kuno chimene ndachipeza pa munthu chimagwera m'ndowamo, n'kubwerera kung'anjo kukasungunulidwa.

Lamulo la ndowali mwini wake ndi alamu anga, amuna a achemwali anga. Kale anthu ankati akamapita kumudzi, uyu wabisa supuni m'sokosi, uyu kabauti m'kabudula, kuti akanyadire abale kuti onani chitsulo cha kumwamba. Tsiku lina chitseko cha bafa chinagwera munthu chifukwa mabauti ake anali atapita kumudzi. Alamu anaimirira pamsonkhano n'kumenya tebulo. "Chotuluka m'ng'anjo n'cha gulu! Zopangidwa kuno zitsale kuno!" Anthu anaomba m'manja, lamulo linakhazikika, ndipo dzina la a Zitsale linawamatirira.

Poyamba tinkati n'zanzeru. Supuni imodzi kuno ndi thukuta la anthu ambiri. Koma alamu analikonda lamulolo kuposa mkazi. Madala wina wokonza mapaipi magalasi ake a maso anasweka, achemwali n'kumupangira ena m'ng'anjo. Tsiku lopita, alamu anamuvula magalasiwo pamphuno ndi dzanja lawo, madala n'kukwera chombo akupapasa khoma, mnzake atamugwira pamkono. Anthu anadandaula. Alamu anangomwetulira.

"Lamulo silidziwa chibale," anatero.

Kumwetulirako ndiye nkhani yake. A Zitsale anayamba ngati wokumba wamba m'Chidzenje, mpaka mkono wa makina okumbira unawabwanyula kukamwa. Anabwera nawo atawanyamula, mano ali m'chipewa ngati mtedza wosenda. Achemwali anga ndi amene amayendetsa ng'anjo. Adokotala anamanga nsagwada ndi kachitsulo kamene achemwali anasula, ndipo mabala atapola achemwali anawaumbira mano ndi fumbi loyera losefasefa, kuwotcha, kupala, kuyesa, kuswa, kuyambiranso. Nthawi yonseyo ankawamwetsa supu ndi kapaipi, kuwapukuta dovu ngati khanda. Mano atatheka anali oyera kuposa amene Mulungu anawapatsa. Bamboyo sanabwererenso kuChidzenje. Anamuika woyang'anira katundu, ndipo pa makanema amene timatumiza kumudzi nkhope yoonekera inakhala yake, mano ali mbee. Wogwira kamera anali mayi wa kuwailesi, amene timamutcha Dona chifukwa amayenda ngati pansi pali mazira. Kamera inayang'ana mano, mano anayang'ana kamera, zotsalazo mukuzidziwa.

Achemwali anasiya mwana kumudzi, mtsikana, m'manja mwa azakhali athu. Anamusiya akuguluka mano a ubwana. Tsopano anali mayi wapabanja, woyembekezera mwana woyamba. Nthawi ina achemwali anamupangira mikanda ya galasi lobiriwira, timikanda tochepa toti n'kukwana pachikhatho, n'kupatsira mnzawo amene ankapita. Alamu anaipeza pachipata, ine ndikuona. Anaikweza m'mwamba kuti aliyense aone kuti iwo sakondera, n'kuitaya m'ndowa. Inalira kuti wayawaya. Achemwali madzulo ake anaisungunula okha ndi manja awo.

Ndiye nthawi ya banja lawo yopita kumudzi inakwana. Mipando m'chombo ndi yowerengeka, ndipo banja limapatsidwa iwiri, wa mwamuna ndi wa mkazi wake. Achemwali anali atayamba kale kusoka timalaya ta mdzukulu ndi nsalu ya yunifolomu yakale. Chombo chili m'njira, alamu anapita kwa Amayi Akulu, amene amatsogolera malo ano, kukathetsa ukwati. Misozi isanaume anakwatira Dona. Mpando wa mkazi wa a Zitsale unatsata dzinalo, n'kupita kwa Dona. Achemwali anawaika woyamba pamzere wodikira, kutanthauza kuti munthu wina akalephera kukwera ndiye akwere iwo. Koma ndani amalephera kupita kwawo? Chombo chotsatira chikanawapeza mdzukulu akuthamangitsa nkhuku.

Ndinapita kung'anjo mutu ukutentha. Ndinawapeza achemwali akutulutsa mbale ndi chopanira, thukuta lili kamukamu.

"Achemwali, ndiloleni ndikawaswe."

"Uwaswe ndi chiyani, iwe Sikelo? Manja akowo ngati miyendo ya udzudzu."

"Ndi mpando. Ndi ndowa. Ndiwathyola mano onse."

Anaika mbale pansi n'kundiyang'ana koyamba.

"Mano ake ati? Ali ndi mano iyeyo? Amene akusekera nawo mkazi wakeyo ndinaumba ndine, pa tebulo limene watsamirapolo. Chotsapo chigongono, pali mbale zotentha."

Ndinachotsa chigongono, koma mawuwo sanachoke. Ndinatuluka ndikuwatafuna, ndipo pofika pakhonde la kudimba ndinali ndikuseka ndekha, mpaka mayi wothirira nyemba anandifunsa ngati mpweya wanga uli bwino.

Sindinauze munthu. Chinsinsi kuno chimayenda m'mapaipi a mpweya. Ndinangoyamba kuwakonda alamu kuposa kale. Ndikakumana nawo ndinkawalonjera ndi manja awiri. Pa phwando lotsazikana, m'chipinda chodyera, ndinakhala kutsogolo n'kumaomba m'manja mawu asanathe. Alamu anafotokoza kuti kumudzi akuluakulu akuwadikira pabwalo lotera chombo ndi makamera, kuti akawapatsa ntchito yoyendayenda m'mizinda kuphunzitsa anthu mmene munthu angakhalire ndi moyo pathanthwe osataya kanthu. Dona anali pambali pawo akuwakonza kolala imene inali yokonzeka kale.

Atatha anandikodola.

"Mlamu, paja ndiwe wometa. Mawa undimete bwino, usandicheke. Nkhope iyi ikukaonedwa ndi dziko lonse."

"Alamu, nkhope yanu ndiisamala ngati yanga. Palibe chimene ndidzaiwale."

"Chilamu sichitha, eti? Zinazi n'za akuluakulu, usamazitengere kumtima."

"Chithe bwanji, alamu? Ine ndi inu mpaka kalekale."

Anandimenya paphewa n'kuseka, mano onse panja. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Kuno mbuzi tilibe, ndiye mwambiwo umagwira amene wapezeka.

Tsiku la ulendo pachipata panadzaza. Kachipinda kake n'kopanikiza, benchi mbali iyi, sikelo mbali iyo, chitseko chachitsulo cholowera m'chombo kumapeto, koma okumba, ophika, a kudimba, onse anadzipanikiza mpaka pakhonde. Amayi Akulu anakhala pampando wawo pafupi ndi chitseko. Adokotala analipo monga mwa nthawi zonse. Achemwali anaima kumbuyo ndi kachikwama kawo, chifukwa woyamba pamzere amayenera kubwera atakonzeka, ngakhale kukonzeka kwake kukhale kongoperekeza anzake ndi maso.

Dona anadutsa bwinobwino. Analira pang'ono tsitsi likugwa, koma kandodo sikanalire. Kenako alamu. Ndinawameta mosamala, osawacheka ngakhale pang'ono, ndinawakweza pa sikelo, ndinayendetsa kandodo kuyambira kumapazi mpaka m'khosi. Zii. Anayamba kale kugwedeza dzanja kutsazika gulu.

Ndinakankha ndowa ndi phazi mpaka inagunda nsapato yawo.

"Alamu, zatsala za m'kamwa."

"Wati chiyani?"

"Mano, alamu. Anatuluka m'ng'anjo."

Munthu wina kumbuyo anatsamwa ndi chiseko. Alamu anaseka nawo, koma chiseko chawo chinali chowonda.

"Mlamu wanga uyu ndi nthabwala! Tsegula chitseko, anthu akudikira."

"Chitseko chili ndi mwini wake, ine ndili ndi ndowa. Chotuluka m'ng'anjo n'cha gulu. Kapena ndalakwitsa mawu? Sukulu sindinapite nayo patali, mundikonze."

"Iwe, mano ndi thupi la munthu!"

"Maso a madala wa mapaipi anali thupi la galu?" anafunsa wophika wamkulu, mayi wa mawu ngati lipenga. Gulu linang'ung'udza kuvomereza.

Alamu anatembenukira kwa Amayi Akulu. "Amayi, mwamva chipongwe ichi? Ngati ndi choncho, ndiye madzi ali m'thupi mwa mkazi wangayu atsalenso, si a m'Chidzenje? Mafuta a pamimba pa aliyense atsale!"

"Funso limenelo munaliyankha nokha chaka chija, a Zitsale," anatero Amayi Akulu, osakweza mawu. "Munati nyama ndi magazi n'za mwini, za m'ng'anjo n'za gulu. Ine ndinapempha kuti tisiyeko mpata wa odwala ndi okalamba. Munati mpata ndi umene amalowera makoswe."

"Ndiye tisinthe lero!"

"Losintha ndi gulu lonse, munateronso ndinu. Gulu ndi ili. Amene akufuna lamulo lisinthe akweze dzanja."

Sindinaonepo manja olemera ngati tsiku limenelo. Wina anapinda ake pachifuwa, wina anawalowetsa m'matumba, wina amene ankafuna kukanda m'mutu anapirira kuyabwa. Dona anakweza lake mpaka paphewa, n'kuona kuti ali yekha, n'kulisandutsa lopukutira m'maso.

Alamu anandiyandikira, mawu atatsika.

"Mlamu, tinadyera mbale imodzi ine ndi iwe. Ndine bambo wa mwana wa mlongo wako."

"Lamulo silidziwa chibale, alamu."

Anayang'ana ndowa. Ndinkaona m'maso mwawo akuyeza, mbali iyi makamera, mbali iyo chombo. Ine chiyembekezo changa chonse chinali pa kunyada kwawo, kuti munthu wotere sangalole kukatsika pamaso pa dziko lonse kukamwa kuli pululu, akana, atsala, mpando upita kwa achemwali. Koma munthu wofuna kuthawa alibe manyazi. Analowetsa zala m'kamwa, kukoka a m'mwamba, kukoka a m'munsi, n'kuwaponya m'ndowa. Analira kuti gobede. Masaya anagwera m'kati nthawi yomweyo, mphuno inatsikira kuchibwano, bambo wa pakanema uja n'kusanduka agogo ake. Dona anayang'ana kumbali.

"Kumudzi akandipangira ena," anatero, mawu akutuluka ngati mpweya wa tayala lobooka. "Abwino kuposa awa. Tsegula."

Ndinali nditawachititsa manyazi, inde, koma manyazi sakwera chombo m'malo mwa munthu. Mpando unali ukupitabe. Ndinayang'ana m'ndowa, ndinayang'ana chitseko, nzeru zonse zitandithawa.

"Iwe Sikelo."

Anali achemwali, kumbuyo kuja. Gulu linapatuka lokha kuwapatsa njira, koma sanasunthe.

"Kandodo kako katopa? Kapena kwanu munthu amathera m'khosi?"

Kunena zoona, kandodo sitikafikitsa kunkhope. Ndi ulemu chabe umene tinazolowera, palibe anaulamula. Ndinakakweza pang'onopang'ono, kudutsa kolala ija yokonzedwa kawiri, mpaka pa nsagwada ya kumanzere.

Kanalira. Sikanalirepo mokoma chotero chikapangidwire.

"Kachitsulo kotalika ngati chala changa chaching'ono, ndi timabauti take," anatero achemwali. "Ndinasula ndine. Kanatuluka m'ng'anjo."

Alamu anagwira tsaya ngati awaluma mavu.

"Adokotala, auzeni! Ichi sichichoka!"

Adokotala ndi munthu wosakonda mikangano, koma bodza amaliopa kuposa mikangano. Anakanda pachipumi.

"Kuchoka chimachoka, bambo. Fupa linagwirana kale. Kungoti ndikang'amba lero, simungakwere chombo. Mmene chimagwedezera ponyamuka, bala lotere lingatseguke. Muyenera kupola kaye."

"Ndiye chombo chidikire!"

Woyendetsa chombo, amene anali atatsamira chitseko nthawi yonseyi akuonera ngati ali kubwalo la mpira, anapukusa mutu. "Bambo, njira ya kumudzi ikatseguka siyembekeza nsagwada ya munthu. Ine ndikunyamuka lero, mpando ukhale ndi munthu kapena chikwama."

Alamu anayang'ana Amayi Akulu, Amayi Akulu anayang'ana manja a gulu, manja a gulu anali m'matumba. Kenako anayang'ana achemwali, n'kuwaitana ndi dzina limene anali atasiya kalekale.

"Make mwana, chonde. Unandisamala ndiwe. Lankhula nawo anthuwa."

"Ndinakusamalani, eya. Mikanda ya mwana wanu inalira bwanji m'ndowamo, mukukumbukira? Ine ndikukumbukira. Ndinaisungunula ndekha." Ananyamula kachikwama kawo. "Amayi, woyamba pamzere ndine."

"Ndinu," anatero Amayi Akulu. "Sikelo, meta munthu."

Ndinawameta achemwali mothamanga, mpaka anandidzudzula kuti ndiwadula khutu. Kandodo ndinakayendetsa kuyambira kuphazi mpaka pamwamba pa mutu, kuti wina asadzanene kuti ndinakondera. Zii. Timalaya ta mdzukulu tinali ta nsalu yochokera kumudzi, ndipo mabatani anali atawadula kale okha.

Alamu anagwira mkono wa Dona. "Ndiye titsala tonse, wokondedwa. Tidzapita ulendo winawo."

Dona anayang'ana kukamwa kuja, anayang'ana chitseko, anagwira mutu wake wampala.

"Ndameta kale, bambo," anatero mofatsa, n'kuchotsa zala zawo chimodzichimodzi. "Ndikakudikirani kumeneko."

Analowa awiriwo motsogozana, mkazi wakale ndi mkazi watsopano, mipando yoyandikana, ulendo wonse wa kumudzi. Zimene anakambirana m'njira sindikuzidziwa, koma ndikanalolera kusala chakudya sabata yathunthu kuti ndikhale ntchentche m'chombomo.

Chitseko chitatsekedwa, alamu anakhala pa benchi ngati thumba lonyowa. Kenako anakumbukira. Anawerama n'kutambasula dzanja kulowetsa m'ndowa. Ndinaikoka ndi phazi.

"Pepani alamu, chalowa m'ndowa sichituluka. Munatero ndinu, tsiku lija madala anapempha magalasi awo kuti angoona nawo chitseko chokha."

"Koma ndatsala! Mano atsala, ine ndatsala, vuto lili pati?"

"Vuto palibe. Mukapemphe ena kung'anjo. Kungoti wodziwa kuumba mano ndi uyo mukumumva akunyamukayo."

Pansi panagwedezeka, mbale zinalira m'chipinda chodyera, chombo chinapita. Ndowa ndinakaitula ndekha kung'anjo, ndipo ndinaima pomwepo mpaka mnyamata amene anatsala m'malo mwa achemwali anaikhuthulira m'moto. Iyeyo amatha njerwa ndi mbale. Anayesapo kuwaumbira alamu mano, koma anatuluka ngati a bulu, ndipo alamu atawavala sanathe kutseka pakamwa, anawabweza okha.

Masiku ano pa makanema opita kumudzi amaonekera mayi wothirira nyemba uja. Alamu amawerenga mabauti m'nyumba yosungira katundu, ndipo aitanitsa kale msonkhano kangapo kuti lamulo lisinthe. Anthu amabwera, chifukwa kuno zosangalatsa n'zochepa, amamvetsera mwaulemu mawu akuuluka ndi malovu, kenako manja m'matumba. Kachitsulo sanakachotsebe, akuti akuopa mpeni. Dona analankhula nawo pa wailesi kamodzi, ulendo wachiwiri akuti mawu ankadukaduka.

Ine chilamu sindinachithetse, ndinalonjeza. Nthawi ya chakudya ndimakhala nawo pafupi, iwo ndi supu wawo, ine ndi nyemba zokazinga zouma, zija zolira m'kamwa. Ndimawapatsako, amakana, ndimawadandaula kuti akuonda.

Dzulo kwabwera chithunzi kuchokera kumudzi. Achemwali tsitsi lamera, anenepa, anyamula khanda lovala kamalaya ka nsalu ya yunifolomu yakale. Khandalo likuseka, kukamwa kuli yasa, nkhama zokhazokha. Ndinapita nacho kuchipinda chodyera n'kuchiika pafupi ndi mbale ya alamu. Anachiyang'ana, supuni ili m'malere.

"Mwayi wanu, alamu," ndinatero, "magazi sanama. Onani kukamwako. Agogo ake enieni."